Ndinkapempherera Mtendere Chifukwa cha Nsanje

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'masiku a Chitaganya, tikukhala ku Naperi. Bambo anga anali kalaliki mu ofesi ina m'tauni, munthu wa tayi ndi njinga, komanso mkulu wa mpingo. Nyumba yoyandikana nafe munkakhala a Makwinja, telala amene makolo awo anachokera kwa Apwitikizi. Iwo ankasokera pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe, ntchito yawo yambiri inali kuika zigamba m'mathalauza a anthu. Mwana wawo Lusiya anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Sukulu zinali zosiyana, iye ya Akatolika, ine ya kumishoni, koma m'mawa uliwonse tinkayendera limodzi mpaka pamlatho. Madiresi anga akandithina ankapita kwa Lusiya, ndipo zinthu zinkandikomera zili choncho.

Kenaka ku Kongo kunabuka nkhondo. Akuluakulu ankati moto umenewo ukhoza kudumpha malire n'kufika m'maiko a Chitaganya. Boma linayamba kuwonjezera asilikali, ndipo azungu ena anatsegula fakitale ku Limbe yosoka malaya, matenti ndi zikwama za asilikali. Analemba matelala ambiri, a Makwinja ali m'gulumo. Pasanathe miyezi iwiri, kunyumba kwawo kunayamba kununkhira nyama yokazinga pakati pa sabata, pamene ife tikudya bonya.

Tsiku lina Lusiya anatuluka atavala nsapato zakuda zonyezimira, kumsana atabereka chikwama cha kaki cha mabatani amkuwa. Bambo ake anachisoka ndi tizidutswa timene kapitawo ankawalola kutola. Ine mabuku anga ndinkamanga mumpango, nsapato ndinkavala Lamulungu lokha. Ndinachiyamikira chikwamacho ndi pakamwa pokha, ndinachigwiragwira. Mayi atanditumiza kukapereka diresi lina londithina, amake a Lusiya anathokoza bwinobwino nati ndikapatse ana a kwa a Phiri, oyandikana nafe ena, poti Lusiya anali nawo okwanira. Ndinabwerera kunyumba diresi lili m'manja.

Bambo anali ndi chizolowezi chowerenga nyuzipepala mokweza pakhonde akaweruka kuntchito. Madzulo ena anawerenga kuti akazembe a maiko osiyanasiyana akukumana kutsidya kwa nyanja kuti nkhondo ya ku Kongo isafalikire. Mayi anafunsa ngati zimenezo zikutikhudza ife a ku Naperi. Bambo anati zikutikhudza ndithu, pakuti akuluakuluwo akagwirizana boma silidzafunanso matenti ochuluka chotere, ndipo matelala a ku Limbe adzabwerera m'makonde mwawo.

Mawu amenewo ndinawasunga. Kuyambira tsiku limenelo bambo akangotsamiritsa njinga, ndinkathamanga kukawafunsa ngati akazembe agwirizana. Pa mapemphero a pabanja ndinkapempha Mulungu kuti afewetse mitima ya atsogoleri a maiko. Bambo ananyadira kwambiri, mpaka anakauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo ali ndi mtima wa mtendere. Ine ndikatseka maso ndinkangoona Lusiya akuyendanso chosavala nsapato, akudikira diresi langa.

Zokambiranazo zinkachedwa, ndipo mtima wanga sunathe kudikira. Lamulungu lina tikuchokera kumapemphero, ndinapeza atsikana a m'dera lathu atamuzungulira Lusiya pamsewu, akusirira nsapato zake. Ndinakumbukira mawu amene ndinamva malume anga, munthu wokonda zandale, akulankhula za fakitale ija, ndipo ndinawalavula onse.

"Nsapato zakozo n'zamagazi. Bambo ako akudyera nkhondo, anthu akamafa iwo amasangalala."

Lusiya anawerama, navula nsapatozo, nazinyamula m'manja, nayenda mufumbi mpaka kwawo.

Nkhani inafika kwa mayi ine ndisanafike pakhomo. Ndinayembekeza mkwapulo, koma iwo anangondigwira pamkono mpaka kwa a Makwinja. Tinawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, akuthira mafuta makina awo akale. Ndinagwada n'kupepesa ndi mawu amene mayi anandiuza panjira. A Makwinja anapukuta manja pakansanza, nandifunsa ngati ndikudziwa kumene kunali Fabiano, mwana wawo woyamba. Ndinati ndinamva kuti anapita kukagwira ntchito ku Halale. Anapukusa mutu. Fabiano analowa usilikali ku Zomba, ndipo gulu lake linali litatumizidwa kumalire a Kongo. Kalata yake yomaliza inali itatha miyezi itatu.

"Malaya aliwonse odutsa m'manja mwanga ndimawasoka kawiri m'khwapa ndi pamabatani," anatero. "Kapitawo amandikalipira kuti ndimachedwa. Koma ine sindidziwa amene adzavale Fabiano."

Amake a Lusiya anali ataima pakhomo, korona ili m'manja.

Kenaka a Makwinja anati bambo anga anawauza kuti ndimafunsa za akazembe tsiku lililonse ndiponso ndimawapempherera. Anati iwo sadziwa kuwerenga Chingerezi, wailesi alibe.

"Usasiye, mwanawe. Ndipo tsiku limene udzamve kuti zatheka, udzathamange udzatiuze ife poyamba."

Akanandikwapula bwenzi nditalira n'kuiwala. Koma anandithokoza chifukwa cha pemphero limene ndinkapempherera kuti iwo avutike, ndipo palibe amene ankadziwa zimenezo koma ine ndekha.

Ntchito imene anandipatsayo ndinaigwira. Madzulo aliwonse bambo akatha kuwerenga, ndinkapita kukafotokoza zimene zalembedwa: kuti akumananso, kuti ena atuluka mumsonkhano atakwiya, kuti abwereranso. A Makwinja ankamvetsera mutu uli pansi. Patapita miyezi ingapo nyuzipepala inalemba kuti ngakhale ku Kongo sikunakhazikike, mantha oti nkhondo idumpha malire achepa, ndipo ena mwa asilikali ayamba kubwerera. Ndinathamanga monga anandiuzira. Amake a Lusiya anakhala pansi pomwepo, nafunda chitenje kumutu, nalira.

Zimene bambo ananena zinachitikadi. Fakitale inachepetsa antchito, a Makwinja anabwerera pakhonde la Mmwenye, fungo la nyama linatha. Fabiano anafika ataonda, akutsokomola, koma wamoyo. Tsiku limenelo anaphika nyemba za kalongonda, oyandikana nawo tonse tinaitanidwa, ndipo sindinaonepo banja lotha ntchito likuseka chotero. Lusiya anandipatsa mbale ndi manja awiri, mwaulemu ngati mlendo. Anati anandikhululukira, ndipo ndikhulupirira kuti ananena zoona, koma sitinayenderenso limodzi.

Lero ndine wokalamba. Ndikamva pawailesi kuti dziko lakutilakuti likumanga mafakitale a zida pamene akazembe ake ali pa zokambirana za mtendere, sindifulumira kunena kuti awa ndi oipa, awa ndi abwino. Ndinamuona munthu amene ankadya za nkhondo akuilirira kuti ithe, ndipo ndinamudziwa mwana amene ankapempherera mtendere ali ndi njiru mumtima. Mwanayo ndinali ine, ndipo bambo anga anamwalira akunyadirabe mapemphero aja, chifukwa sindinalimbe mtima kuwauza zoona.