Dzina la Gilda Pansi pa Chilombo

Aliyense ku Namacula amawadziwa Tiyu Frederico, ogulitsa pau, buledi wa kwathu kuno, panjinga. Atangokwatira kumene ankagwira ntchito pa padariya, pophikira pauyo, ndipo tsiku lina moto wa mu uvuni unawalumphira kumaso. Tsaya lakumanzere linakwinyika, khutu linangotsala kachidutswa. Mkazi wawo anapirira mpaka kubereka, kenako anakwera shapa, minibasi ya ku Cuamba, osabwereranso, kuwasiyira khanda, Gilda.

M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke, amaima pageti la sukulu ndi dengu lawo. Ana amagula atayang'ana kumbali, ena amakuwa ali patali kuti, "Nyama yootcha!" Iwo ankangoseka.

"Atukwane," ankatero. "Bola Gilda wanga sandiopa. Amandipsompsona pomwepa, popsapa."

Ine Lénia ndinasiyira sukulu panjira, ndipo kukhala pakhomo kunkandiwawa. Chaka chatha gulu la achinyamata m'bayiro mwathu linakonza chionetsero cha zilombo: ana ajambule, ine ndisonkhanitse ndi kukonza pakompyuta. Mtsogoleri wathu, Mano Abdulai, anati chithunzi chopambana chisindikizidwa chachikulu ngati chitseko, ndipo pansi pake palembedwa dzina la mwana ndi la wokonza. Dzina langa ndinalifuna pakhoma limenelo.

Koma anawo anabweretsa zosaopsa ngakhale nkhuku: njoka za mitu iwiri, afisi ooneka ngati mbuzi. Pomaliza kunabwera Gilda.

"Mana Lénia, ine chilombo sindichitha. Ndajambula apapa. Mungondiikirako mitundu, ndikawapatse."

Mwanayo dzanja ali nalo. Njinga, dengu, tsaya, kakhutu kaja, zonse zinalipo, atate ake akumwetulira. Ndinalijambula pepalalo ndi foni n'kuliika pakompyuta. Ndinangoti ndiyese. Ndinatalikitsa mano awiri, ndinafiiritsa maso, zala ndinaziika zikhadabo. M'dengu ndinachotsamo pau n'kuikamo timanja ta ana. Tsaya ndi khutu sindinakhudze, zinali zokwana kale.

"Epa, mana, ichi ndiye chilombo!" anatero Abdulai. "Wajambula ndani?"

"Gilda," ndinayankha.

Loweruka la chionetsero Tiyu Frederico anavala jekete, nabwera atamugwira Gilda dzanja, chifukwa mwanayo anawauza kuti kuli mphatso yawo. Chithunzi chija chinali chitapambana, chili pakhoma chachikulu ngati chitseko. Atangolowa, holo yonse inaphulika ndi phwete.

"Tiyu, mwatchuka! Imani pambali pake tikujambuleni, amapasa inu!"

"Pau wa lero muli zala zingati?"

Iwo anaseka nawo pang'ono, monga mwa chizolowezi chawo. Kenako anawerama kuti awerenge zolembedwa pansi. Amawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Chalacho chinaima pa dzina la mwana wawo.

"Mwanangu, umandiona chonchi?"

"Apapa, si changa! Changa mumaseka!"

"Njingayi ndi dzanja lako. Matayala umawajambula ngati mazira, ndimakudziwa."

Gilda anandithamangira, n'kundikoka siketi. "Mana, aonetseni pepala langa lija!"

Pepalalo linali m'chikwama changa, pamapewa pomwepa. Koma Abdulai anali atanyamula kale maikolofoni akuitana dzina langa, anthu akuomba m'manja, ndipo ndinadziwa kuti akaona pepalalo chithunzi chitsitsidwa.

"Pepala liti, iwe?" ndinatero, n'kupita kutsogolo.

Tiyu Frederico akugulitsabe pau pageti pomwe paja. Ana akamakuwa sasekanso. Anagula chipewa chaubweya chophimba makutu ndi masaya, ndipo anansi awo amati sachivula ngakhale m'nyumba. Gilda akafuna kuwapsompsona amamutembenuzira tsaya labwino. Mwanayo wajambulanso atate ake kasanu, akumwetulira, ndipo iwo amangoti, "Usavutike, mwanangu, ndinaona kale."

Chithunzi chikadali pakhoma la holo, dzina langa lili pansi pa la Gilda. Pepala lija ndikadali nalo. Ndikadutsa pageti amandipatsa moni mwaulemu, nthawi zina amandininkha pau waulere. Amati ine ndinangokonza zimene ndinapatsidwa.