Linunda la pamwamba pa chitseko

Nkhani yonseyi ndinaiyambitsa ndine, ndilibe womunamizira. Nditagwira ntchito ku Lilongwe zaka zingapo, maso anga anazolowera nyumba za eni ake, zokhala ndi timatabwa tokongoletsa pamene khoma limakumana ndi siling'i. Ndikafika kwathu ku Lobi, pabalaza pa bambo anga pankandichititsa manyazi. Siling'i inalipo, koma m'mphepete mwake munali mpata wolowetsa fumbi ndi mphepo ya mu Juni ija yolasa m'mafupa.

Ndiye ndinagula matabwa a paini ouma bwino, n'kutenga kalipentala wa pa Boma, munthu wachikulire wovala kachipewa koyera, wosakonda zoyankhulayankhula. Bambo anga, mphunzitsi wopuma ntchito, anangokhala pampando wawo pakona n'kumaonerera. Nyumbayo anaimanga okha ndi malemu mayi anga, ine ndili kamwana.

Makoma atatu anayenda bwinobwino. Khoma lachinayi, la kuchitseko, linakanitsitsa. Thabwa linali lowongoka, koma khomalo linali ndi linunda pakati, moti akalipentala akakanikiza mbali ino, mbali inayo inkayasama mpata wolowa chala.

"Achemwali, apa tichite chimodzi," iwo anatero ali pamakwerero. "Tiseme khoma kapena tiseme thabwa."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera kwa mayi. "Semani khomalo basi! Kodi amene anapaka pulasitala ameneyu ankaodzera?"

Ndinaseka ndekha. Bambo anavula magalasi, kuwapukuta ndi juzi, n'kuwavalanso.

"Anapaka ndi amayi ako," anatero motsitsa mawu. "Ine malungo anandigwetsa simenti titasakaniza kale. Iwo anakwera pamgolo, mng'ono wako ali kumsana, kuti amalizitse isanaume. Koma semani, poti nyumba ikufunika kukongola."

Manyazi amene ndinachita sindinawachitepo chibadwire. Zaka zonsezo ndinkadutsa pansi pa linundalo osadziwa kanthu, lero ndalinyoza mwini wake atagona kumanda.

Akalipentala sanadikire kuti ndiyankhe. Anabweza tchizulo m'chikwama n'kutenga pensulo imene inali kukhutu.

"Aphunzitsi, tandigwirirani kumapetoku."

Bambo ananyamuka, nagwira thabwa. Akalipentala anagoneka pensulo pakhoma n'kuikoka pang'onopang'ono, moti paliponse pamene khoma latupa, mzere nawonso unkapindika pathabwapo. Atatsika anadula ndi kasowo kakang'ono motsata mzerewo, kupala, kukwera kukayesa, kutsikanso. Anakwera kanayi. Ndinawapatsa tiyi, anazizira osamwedwa. Kachisanu thabwa linagona pakhoma ndendende, osasiya ngakhale polowa nyerere. Anakhoma misomali, n'kupempha madzi ndi malo oti aswalire monga Msilamu, popeza dzuwa linali litapendeka.

Tinatsala awiri pabalaza. Ndinati, "Pepani ababa, pakamwa panga mukupadziwa."

"Ndikupadziwa. Ndinakhala napo zaka zambiri m'nyumba muno," anatero akumwetulira pang'ono, maso ali pamwamba pa chitseko.

Ndinatenga tsache kuti ndisese zopalidwa zija. Ndikuziwolera m'chikatoni, bambo anandigwira dzanja. Anapapasa m'katimo mpaka anapeza kachidutswa kamene kanachoka pathabwa, kopyapyala kumapeto, konenepa pakati, kofanana ndendende ndi linunda la mayi. Anakauzira utuchi, n'kukapisa m'thumba la jekete.