Ndege ya Achimwene ndi Mchira Wake wa Nsalu

Ku Kawale kuno mukafunsa za munthu wokhoma malata, akulozerani kwa ine. Ndowa yanga sidontha. Mbaula yanga imatha zaka mayi akuphikirapo tsiku ndi tsiku. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma nyundo ndinaigwira ndevu zisanamere, ndipo palibe mmisiri wa ku Biwi kapena ku Chilinde amene angandiuze kuti apa mwapinda molakwika. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse kuti tsiku limene ndinadula ntchito yanga ndi sizasi yanga yomwe, sizinali zapafupi.

Chinali chaka chotsatira njala yaikulu ija. Achimwene anga aakulu ankakhala kwathu chimwalirireni akazi awo, alamu anga. Iwo anapita kunkhondo ya azungu ine ndikadali kamwana, anakafika mpaka kudziko la Bama, ndipo kumeneko ntchito yawo inali yolondera ndi kupukuta ndege yankhondo yokwera munthu mmodzi. Anabwerako ndi chithunzi chimodzi chokha: ndegeyo itaima pa udzu, iwo ali chilili pafupi ndi phiko, atavala kabudula, sanza ili kumanja.

Nkhani ya ndegeyo ankaikamba pa bawo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shedi yanga. Anthu ankamvetsera bwinobwino za mfuti za m'mapiko ndi za utsi wa injini. Koma akangofika ponena kuti kuyambira kumbuyo kwa woyendetsa mpaka kumchira ndegeyo inali ya nsalu, onse ankafa ndi phwete. Wina ankafunsa ngati ankaichapa ndi sopo n'kuiyanika pachingwe. Wina ankati mwina ankaisita Loweruka kuti ikaoneke bwino kutchalitchi. Ine ndinkaseka nawo, ndipo ine ndikaseka amamva ndi ogulitsa tomato kumsika.

Kenako ng'ala inawagwira maso onse awiri. Bawo anasiya, nkhani ya ndege anasiyanso. Ankangokhala pakhonde, chithunzi chili m'thumba la malaya, nthawi zina n'kuchitulutsa n'kumachisisita ndi chala. Mwana wawo wamkazi wa ku Mchinji anatumiza uthenga kuti Loweruka lomaliza la mwezi abwera kudzawatenga kuti akawasamalire kumudzi. Ndinadziwa kuti munthu wa msinkhu umenewo akakwera galimoto ya kumudzi, ku Lilongwe sabwereranso. Panatsala masabata atatu. Ndinati ndiwakhomere ndege yawo, yoti aigwire ndi manja popeza maso anali atakana.

Chithunzi ndinachibwereka ponama kuti ndikufuna kuchikutira m'pulasitiki. Tepi yoyezera ine sindiidalira. Ndinadula kamtengo ka machesi mpaka kanalingana ndi achimwene a pachithunzipo, n'kukayendetsa kuchokera kumphuno ya ndege mpaka kumchira. Kanalowa kasanu ndi theka. Ndiye ndinati munthu mmodzi akhale chala changa chapakati, ndipo ndege yonse inatuluka yotalika ngati mkono wanga kuyambira pachigongono. Mapiko sankaoneka bwino pachithunzi, choncho ndinawafunsa mozemba pa nthawi ya tiyi. Anati anthu asanu ndi awiri atagwirana manja ankakwana kuchokera nsonga ina kufika inzake.

Masabata amenewo sindinakhale pansi. Amayi obwera kudzafuna mbaula ndinkawauza kuti mawa, mawa lakelo n'kuwauzanso kuti mawa. Ndinayenda wapansi mpaka ku Mgona kukasaka zitini zazikulu za mafuta ophikira, chifukwa lata lake ndi lofewa, limamvera nyundo. Mphuno ndinaikhoma kanayi. Yoyamba inaoneka ngati fanulo, yachiwiri ngati mutu wa mlamba, yachitatu ndinaiponya padenga ndi mkwiyo, yachinayi ndiyo inakhala. Mayi a kunyumba ankadandaula kuti ndikudya choimirira ngati munthu wothawa ngozi, ndipo ndikafika pakhomo ndinkangotembenuka kubwerera kushedi chifukwa ndakumbukira kanthu.

Timitu ta maliveti, misomali yolumikizira malata a ndege, ndinkatitulutsa ndi msomali wosongola, kugogoda chamkati kamodzikamodzi pa chitsulo changa cha njanji, mizere yowongoka kuti chala chizitsatira. Potulukira utsi ndinaika mavavu a machubu a njinga, atatu uku atatu uku. Matayala ndinadula ku patapata wakale. Galasi la pokhala woyendetsa ndinalipinda kuchokera ku botolo la pulasitiki, nditalifewetsa pa makala, ndipo linandiwotcha zala kawiri lisanavomere. Penti yobiriwira ndi yofiirira anandipungulira mnzanga wolemba zikwangwani ku Chilinde. Mawanga ozungulira a pamapiko ndinajambula ndi chitsekero cha botolo, ndipo m'mbali mwa injini ndinadutsitsamo utsi wa koloboyi kuti pade ngati pa chithunzi.

Koma chimene ndinanyadira kwambiri chinali chakumbuyo. Kuyambira kumbuyo kwa woyendetsa mpaka kumchira ndinapinda lata limodzi lokha, msoko n'kuubisa kunsi, kuumata ndi mtovu, kuupala ndi tupa mpaka chikhadabo osakodwa paliponse. Mukanathiramo madzi sakanadontha. Za nsalu sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Pachithunzi panali timizere toyenda chamlitali kumbuyoko, ine ndinangoti ndi makwinya a pepala lakale.

Lachitatu masana, kutatsala masiku atatu, ndinaika ndegeyo pamiyendo pa achimwene. Anayamba kumphuno. Anazunguza pulopela ndi chala, anawerenga mavavu aja, anatsatira mizere ya maliveti pa phiko, ndipo ndinaona milomo yawo ikufuna kumwetulira. Ine chifuwa chinali chitatukumuka kale. Atafika kumbuyo kwa galasi anagogoda ndi chikhadabo. Lata linalira ngati chitini. Anagogodanso chakumchira, linalira chimodzimodzi. Ananyamula ndegeyo ndi manja awiri n'kundibwezera.

"Wakhoma bwino, mphwanga. Koma si yanga iyi."

Ndinakweza mawu. Ndinawauza za machesi, za ulendo wa ku Mgona, za zala zanga zopsa, ndinati mu Lilongwe monse palibe angakhome yoposa imeneyi. Anandidikira mpaka nditatha.

"Yanga ukaigogoda apa inkalira ngati ng'oma. Ine ndinkayesa pa bawo paja unkangoseka pothandiza anzako. Kani nawenso unkati ndimanama."

Tsiku limenelo ndinayenda mpaka ku Biwi n'kubwerera popanda chimene ndinakatenga. Ndinatsegula shedi, ndinatseka, ndinatsegulanso. Mapeto ake ndinakaima pakhonde la golosale yoyandikana nane, pomwe pankasokera atelala ena achiyawo a ku Mangochi, munthu wofatsa amene pa bawo sankafikako. Ndinawakhuthulira nkhani yonse mokalipa ngati olakwa ndi iwowo. Anapitiriza kupalasa makina mpaka msoko utatha, kenako anavala magalasi n'kupempha chithunzi.

"Amisiri, munthu wonama amakuza zinthu. Akanati inali ya chitsulo chosalowa chipolopolo. Ndani anganame kuti ndege yake inali ya nsalu, anthu n'kumamuseka zaka zonsezi, iye osasintha?"

Anandilozera timizere tija, n'kutenga ambulera yawo, kuitsegula, kundiuza kuti ndione mmene nsalu imagonera pa nthiti zake. Zinali zomwezo. Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana ambulera, kenako ndinabwerera kushedi.

Lachinayi m'mawa ndinatenga sizasi. Ndinaizungulira ndegeyo kangapo ndisanayambe, kenako ndinadula lata langa losalala lija kumbuyo kwa galasi n'kuliponya m'mulu wa zidutswa. M'malo mwake ndinapinda timikombero ta waya, tina tatikulu tina tating'ono, n'kulumikiza ndi masipoko a njinga khumi ndi awiri kuti akhale nthiti. Mtovu unkakana kugwira pa masipoko, ndinachita kuwapala limodzilimodzi, ndipo tsiku lonse linathera pomwepo.

Nsalu anapereka atelala, kachidutswa koyera kotsala pa malaya a sukulu. Ndinayesa kusoka ndekha, koma zala zozolowera nyundo singano siziimva. Anati andisokera, koma linali Lachisanu, ndipo dzuwa litafika pamutu anaphimba makina n'kupita kumzikiti. Ndinatsala ndi mafupa a ndege m'manja, kuyenda kuchokera kugolosale kukafika pampopi, kubwerera, kupitanso, mpaka amayi otunga madzi anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Atabwerako anakoka nsaluyo pa masipoko, kusoka kunsi ndi timisoko tating'ono, osafulumira ngakhale ine ndinkawapumira m'khosi. Anandiuza kuti ndiiwaze madzi ndiiyanike padzuwa kuti ikungike, kenako ndipake guluu wa akalipentala wosungunula, penti ibwere pomaliza. Ine mmisiri wa zaka zonsezi ndinangoti chabwino, n'kuchita monga ananenera. Mwayi wake unali mwezi wotentha, guluu anauma dzuwa lisanapendeke kwenikweni.

Loweruka mwana wa achimwene anafika m'mamawa ndi kagalimoto kapikiapu. Pamene ndinkachokera kushedi, katundu anali atakweza kale, achimwene atawakhazika kutsogolo, injini ikulira. Penti inali isanaumitsitse. Mwanayo atandiona anati, "Abambo aang'ono, chimenecho chiwadetsa malaya." Ndinamulambalala. Ndinalowetsa ndege pawindo n'kuiika m'manja mwa achimwene.

Ulendo uno kumphuno sanachedweko. Chala chinapita molunjika kumbuyo kwa galasi, chinayenda pa nthiti zija imodziimodzi, kenako chinagogoda. Nsalu inayankha pansipansi, du, du. Anagogodanso chakumchira. Dalaivala anafuna kunyamuka, ine ndinamenya denga la galimoto ndi chikhatho kuti adikire.

Kenako achimwene anati katayala kakumchira ndakakulitsa, kawo kanali kakang'ono.

"Uli ndi sanza pamenepo?"

Ndinachotsa yomwe inali paphewa panga, yakuda ndi mtovu ndi penti, n'kuwapatsa. Anaipinda kanayi mwaluso, n'kuyamba kupukuta kuyambira kumphuno, mwamphamvu pa lata, ndipo atafika pa nsalu dzanja linapepuka, kungodutsitsa pamwamba. Penti yobiriwira inawamatirira kuzala, iwo osasamala. Galimoto inanyamuka akupukutabe phiko lamanzere, ndipo ine ndinaiperekeza wapansi m'fumbi mpaka pamsewu wa tala, ndikukuwira dalaivala kuti aziyenda pang'onopang'ono m'mabampu.