Chingwe Chachifupi pa Muzu wa Mkuyu

"Kodi inu amake mwana, kusambira mumadziwa?"

Anandifunsa choncho aneba anga, mayi wa dimba loyandikana ndi lathu kuno ku Mlolo, atandiona ndikutsetserekera kumtsinje ndi mbedza, khanda lili kumbuyo. Ndinawayankha kuti bwato lomangirira silifuna wodziwa kusambira, tonse n'kuseka.

Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chisanakhwime. Nkhwani wopanda nsinjiro anali atatikola, mwana wanga wamkulu mpaka kuyamba kukana kudya. Bwatolo linali la amalume a amuna anga. Chimwalirire amalumewo palibe analipalasanso. Linkangokhala padziwe, litamangidwa ku muzu wa mkuyu, ndipo amayife tinkakwera, kulikankha ndi nsungwi kuti lituluke m'mabango, n'kumawedza. Poti ana ankaliseweretsa, chingwe tinachifupikitsa, mfundo n'kuimanga ngati ya ng'ombe yovuta.

Tsikulo dzuwa linali phwee. Nditagwira timilamba tingapo ndinaona thovu likudutsa, kenako mapesi, kenako madzi anafiira. Mvula inali itagwa kumapiri a ku Mozambiki, ife kuno osaona ngakhale dontho.

Ndinati ndikoke chingwe ndibwerere, koma muzu uja unali utamira kale, chingwe chitakungika ngati waya. Kumbuyo kwa bwato kunkakwera ndi madzi, kutsogolo kukukokedwera pansi. Pomwe ndinkatsikira masiku onse panali pakuthamanga madzi. Anayamba kulowa m'bwato. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni n'kumakapa ndi kapoto ka nyambo, koma ndinkangodzivuta. Khanda linali m'tulo, mpweya wake wofunda ndikuumva pamsana. Poyamba ndinaitana motsitsa, kuopa kulidzutsa. Madzi atafika m'akakolo ndinakuwa.

Aneba aja anafika ndi amuna awo, chikwanje chili m'manja. Bambowo analowa m'madzi mpaka m'chiuno, akuti adule chingwe kuti bwato lidzuke. Koma kumunsi kwa dziwelo kuli miyala, ndipo ndinkaimva ikulindima.

"Musadule, bambo. Mukadula tapita," ndinakuwa.

Anaima, chikwanje chili m'mwamba, osadziwa chochita. Akazi awo ndi amene anati ndiyang'ane pamwamba panga. Nthambi ya mkuyu, ija tinkaiponya miyala kuti tigwetse nkhuyu, inali pafupi ndi mutu wanga. Madzi omwewo anali atandikweza.

Ndinamanganso chitenje, mfundo ziwiri pachifuwa. Kenako ndinaimirira. Aneba ankangoti pang'onopang'ono mnzanga, musayang'ane madzi. Ndinakumbatira nthambiyo, n'kukweza mwendo, ndipo ndinamva bwato likuchoka kuphazi kwanga. Ndinakwawa chafufumimba kulowera kuthunthu, nyerere zikundiluma m'khosi, osatha kuzisasa. Nthambi ikagwedera ndinkaima, n'kumvetsera ngati khanda likupumabe.

Nditafika pamphanda ndinatsikira kumtunda, aneba n'kundimasula mwana. Apo m'pamene anadzuka, kulira kufuna bere. Ndinamuyamwitsa nditakhala m'matope, pomwe bambo aja ankanena kuti chaka chino ndiphunzira kusambira ndithu. Palibe anaseka.

Kutacha madzi anaphwera. Pamuzu tinapeza mfundo yathu ili chimangire, ndi kachidutswa ka thabwa. Zinapita ndi izi: bwato la amalume, nsungwi, mbedza ziwiri, kapoto, patapata wakumanzere, ndi ndiwo za tsiku limenelo.