Fomu ya Amalume a Fanuel

Ndinayambitsa ndine, sindikana. Maliro amene analiridwa ku Ntcheu Lachitatu lija anachokera m'bolopeni yanga ku Tallaght, kuno ku ulaya.

Ntchitoyo anandipezera ndi amalume a Fanuel, achimwene awo a mayi anga. Iwo amasamalira okalamba, ndipo nthawi ya korona anazolowerana ndi eni kampani ina yokonza maliro, poti galimoto yawo inkabwera pafupipafupi. Titatsekera sukulu anakandipereka kwa Mayi Breda a mu ofesi, ati mwina ndikakhala pafupi ndi mitembo ndiphunzira mantha.

Mitembo sindinkaigwira. Yanga inali mapepala. Banja likalephera kulipira maliro boma limathandiza, koma limafuna fomu, satifiketi ya imfa, invoisi yathu ndi sitetimenti ya ku banki. Ine ndinkachita fotokope, kumenya sitepula, kuika mu envulopu. Kuseri kwa khoma firiji inkalira tsiku lonse. Mayi Breda anandichenjeza kamodzi kokha, akuloza pa fomu: "Dzina likalowa m'bokosi ili la womwalira, mwini wake sabwereranso. Uzilemba bwino."

Tsikulo kunali zii. Ndinatenga fomu yosalemba, m'bokosi muja ndinaikamo dzina lonse la amalume ndi deti la tsikulo. Ndinaisanjika pa chivundikiro cha bokosi lamaliro lachionetsero, n'kujambula, n'kuponya pa gulupu ya banja ya pafoni osalembapo kanthu. Ndinkadikira kuti aseke. Pompo anandiitana kukatsuka galimoto yamaliro, ndipo kumeneko foni imatsala mu dirowa.

Ndinaiwala kuti pa gulupupo pali anthu akumudzi. Ndinaiwalanso kuti amalume anachokera ku ntchito ya naiti, anali mtulo foni atazimitsa.

Nditabwerako foni inali yotentha. Uthenga woyamba unali kulira kokhakokha. Wachiwiri, msuweni wanga ankanena kuti katundu atulutsa kale m'nyumba, amayi a mvano akhala pansi, ndipo akazi awo a amalume, a Nabanda, amene amadwala BP, agwa pakhonde sakuyankhula. Kenako anaimba mayi anga, mawu ali pansipansi. "Usachoke pamenepo." Akamakalipa ndimadziwa pothawira. Apa ndinangoima, firiji ikulira.

Amalume anafika atavala masilipasi, mayi ali pambuyo. Sanandiyang'ane. Anaimba vidiyo ataima pakati pa mabokosi, ndiye kumudziko amayi ena anathawa foni. A Nabanda anali gone pamphasa, maso ali tseke. Amalume anawaitana katatu. Kachinayi anatsegula diso limodzi, kuwayang'anitsitsa, n'kufunsa chifukwa chake munthu wamkulu akuyenda ndi masilipasi pagulu. Apo ndiye ndinapuma.

Mayi Breda anang'amba fomu ija, n'kundichotsa pa desiki. Holide yonse ndinaithera kupukuta zogwirira za mabokosi, foni amalume atalanda. Ndinaphunzira kuti pepala loyeserera umalidula mzere kaye usanalembepo dzina.

Koma tikubwerera pa sitima ya Luas tsiku lomwelo, amalume anandigunda ndi chigongono, mayi akuyang'ana kunja.

"Iwe, mauthenga aja unawamva onse? A Gerald analira?"

Ndinawauza kuti a Gerald, mng'ono wawo, anangofunsa za njinga yamoto. Anagwedeza mutu mpaka ku Citywest, komwe tinatsikira.

Zogwirirazo ndinkazipukuta ndikuimba mluzu. Ndani wina anawachitirapo amalume ake zoterezi, kuwaonetsa maliro awo ali moyo?