Mwendo wa amayi ndi njinga ya akamwini

Amayi anga ali ndi chipsera pa katumba, chachikulu ngati pakamwa pa kapu. Adzukulu akachiloza, iwo amaseka n'kunena kuti ndi chidindo cha akamwini awo. Lero ndi nkhani yoseketsa, koma chaka chimene chinali chilonda ine sindinkaseka.

Amuna anga ndi a kabaza wa njinga yamoto. Kwathu ku Likoswe mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye nyumba yathu tinamanga kuseri kwa ya amayi, khomo loyang'ana kwina. Amayi ndi amuna angawa amalemekezana mpaka kutopetsa. Akati akumane panjira, wina amapatukira m'munda wa nandolo. Amayi akafuna kuwauza kanthu ankadzera mwa ine, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi.

"Uwauze bambowo kuti mbuzi yawo yadula chingwe."

Ine n'kutembenuka kubwereza mawu amene eni akewo amva kale.

Amayi atapezeka ndi matenda a shuga, anayamba kupita ku chipatala cha Nguludi mwezi ndi mwezi. Poyamba ankayenda pansi mpaka kumsewu wa minibasi, koma mapazi anayamba kuchita dzanzi. Ndinawauza kuti n'zamanyazi kuvutika chotero njinga ili pakhomo. Anakana, ndinakakamira, mpaka analola.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Amayi anakwera chammbali monga amakwerera njinga yakapalasa, koma anakakhala kumapeto kwenikweni, pa kaliyala, atagwira zitsulo. Pakati pa iwo ndi akamwini awo panatsala malo oti n'kukhalapo thumba la ufa. Miyendo yonse inalendewera kumanja, kumene kuli ekizozi, paipi yotulutsa utsi, ndipo popondera panali patali. Wokwera wina aliyense amuna anga akanamuuza kuti asendere kutsogolo, aponde bwino. Koma mkamwini angayang'ane bwanji miyendo ya apongozi ake? Analiza njinga maso ali kutsogolo, ulendo n'kuyambika.

Njira yathu ndi ya zitunda ndi mabampu, yoyenda ndi giya yaing'ono, ndipo injini ya njingazi imazizira ndi mphepo basi. Ukamayenda pang'onopang'ono padzuwa, chitsulo chonse chimasanduka mbaula. Amayi anaumva moto uja asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Ankati akachotsa mwendo, bampu n'kuubwezera pomwepo. Sanakuwe. Kunena kuti "imani, ndikupsa mwendo" kunali kutchula thupi lawo pamaso pa mkamwini, ndiye analuma mano mpaka pageti pa chipatala. Anamwino ndi amene anaona chitenje chowauka ndi thuza litaphulika kale.

Madzulo amayi anandiuza zimene anamwino ananena, akuyang'ana pansi. Chilonda cha munthu wa shuga si chosewera nacho. Chikapanda kutsukidwa kuchipatala pafupipafupi chimanyeka, ndipo ena mwendo amachita kudulidwa.

"Koma chimoto chimenecho ine sindikweranso," anatero.

Ndinapsa mtima kwambiri.

"Amayi, ulemu wanji wootcha nawo mwendo? Mukanakuwa, dziko likanatha?"

"Iwe ndiwe mwana, sungamve."

Mwana, ine wa ana angaanga! Ndinatuluka ndisanalankhule zoipa. Kuseri kwa nyumba ndinalira, chifukwa ndinali ndi mantha kuti amayi ataya mwendo, mwendo umene unalima munda wonse umene tikudyawu.

Amuna anga ndiye anachita ngati aferedwa. Chakudya ankangochitoma. M'mawa mwake ndinawapeza akukulunga ekizozi ndi mphira wa chubu chakale. Atangozungulira mudzi kamodzi, panabuka utsi wakuda ndi fungo loti nkhuku zonse zinathawira kwa aneba. Kenako anayesa chiguduli chonyowa, chinauma n'kuyamba kunyeka. Ndinawafunsa ngati akufuna kuotcha njinga kapena kuphika makala. Sanaseke.

Anapita kwa wowotcherera zitsulo wina cha ku Mikolongwe. Anabwerako ekizozi itavala chilata chodula ku mgolo wakale, chobooledwa timabowo, chomangidwa motalikirana ndi paipi mwa chala chimodzi kuti mphepo izidutsa pakati. Anadikira injini izizire, n'kukolokosa ndi kamtengo matope onse amene anauma m'mipata yake, n'kusintha oyilo. Atatero anakwera chitunda cha kutchalitchi n'kutsika kangapo, anaima pabwalo, anapinda buluku n'kugunditsa katumba wawo pachilata paja. Anakhala choncho kanthawi. Ndinaona nsalu ya pawindo la amayi ikugwedezeka.

"Muwauze amayi kuti sichikuotcha tsopano," anatero.

Ndinakawauza. Amayi anati amva, koma vuto si chitsulo chokha. Kuti munthu aponde bwino ayenera kusendera n'kugwira woyendetsa m'chiuno, ndipo zimenezo iwo sangachite ngakhale atalamula a bishopu. Nthawi imeneyo m'mbali mwa chilonda munali mutayamba kuda. Madzi amchere amene ndinkatsukira sankakwanira.

Ndinabwerera kwa amuna anga.

"Bambo a ana, chiuno changa amayi angagwire. Ndiphunzitseni."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana njinga yawo, ndipo sindikudziwa kuti ankamvera chisoni ndani. Tinkapita pabwalo la mpira la kusukulu ana akaweruka. Azimayi a kumjigo ankatula ndowa n'kuima kuonerera. Klachi ndinkaisiya mwadzidzidzi, njinga n'kudumpha ngati mwana wa ng'ombe. Tsiku lina ndinakathera m'mizere ya mbatata, chitenje kumutu, kuseka kunamveka mpaka kuchigayo. Ndinadzuka, ndinawauza kuti aseke bwino chifukwa mawa adzandipempha lifiti.

Tsiku la ulendo amayi anatuluka atavala chitenje cha kutchalitchi. Ndinawakhazika miyendo kumanzere, ndinawagwira phazi lililonse n'kuliika popondera. Anasendera okha. Manja awo atandizungulira m'chiuno, ndinazindikira kuti amayi anasiya kundigwira chonchi kalekale ndili kamtsikana. Ndinaliza njinga, tinanyamuka.

Pachitunda chachitali ndinamva kutentha kukukwera m'miyendo, injini ikununkha komanso ikuchepa mphamvu. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango monga anandilangizira amuna anga, n'kuzimitsa. Chitsulo chinkalira chokha kuti the, the, the. Amayi anamasula botolo lawo la madzi akumwa.

"Ithire, yamva ludzu."

"Ayi amayi, chitsulo chotentha ukachithira madzi ozizira chimang'aluka. Ingofuna mthunzi ndi mphepo, ngati inuyo."

Tinakhala pamuzu tikudya mango osakhwima bwino, amayi akundiuza kuti ndimayendetsa ngati ndaba njingayo. Anamwino atationa tikulowa pageti anaomba m'manja, kenako anatikalipira chifukwa chochedwa kubwera. Anatsuka chilonda, anachotsa mnofu wakuda, n'kunena kuti tafika nthawi isanathe. Maulendo oterowo anachuluka mpaka mvula itagwa, chilonda chikufota pang'onopang'ono kuchokera m'mbali.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kubwerera kwathu tsiku loyamba lija. Amuna anga tinawapeza kumsewu, akunamizira kukonza mpanda umene unalibe vuto. Atationa anayamba kubwerera chammbuyo kuti apatse apongozi awo njira. Amayi anatsika, anazungulira njinga mpaka kumanja, anawerama n'kuika chikhatho chawo pachilata chija. Chinali chofunda chabe.

Ndinatsegula pakamwa kudikira uthenga woti ndibwereze. Amayi sanandiyang'ane. Anawomba m'manja mwaulemu, maso ali pansi, koma nkhope italoza kwa akamwini awo.

"Bambo, mwendo wanu uja sunapse?"

Amuna anga anavula chipewa, anagwada pomwepo pafumbi.

"Sunapse, amayi."