Kiyibodi Yomva Zala

Ndikukumbukira fungo la limba la m'tchalitchi mwathu: fumbi, chinyezi ndi mkodzo wa makoswe. Tchalitchicho chinali m'mphepete mwa munda wa tiyi, kumunsi kwa malaini a esiteti imene makolo anga ankagwirako ntchito. Limbalo linali lakalekale, lopalasa ndi mapazi. Pansi pake panali timatabwa tiwiri, ndipo ukamatiponda mosinthanasinthana mivukuto inkadzaza mpweya, nyimbo n'kumatuluka. Ukafuna kuti lilire kwambiri unkapalasa mwachangu, ukafuna linong'one unkachepetsa mapazi. Zala zinalibe gawo pa nkhani ya phokoso. Ntchito yawo inali kulimbana ndi makiyi, amene ankatupa ndi chinyezi cha ku Mulanje moti m'nyengo ya chiperoni ena ankafuna kuwakhoma ngati msomali.

Amene ankaliza limbalo anali a Mpulula, kalaliki wopuma wa pa esiteti. Nyamakazi itawagwira zala anayamba kuphunzitsa ana, koma onse anathawa chifukwa cha ukali wawo, n'kutsala ine ndekha. Pofika Sitandade 7 ndinali nditayamba kuliza Lamulungu lililonse. Mtsikana woliza limba sichinali chinthu chofala kwathu kuja, ndipo amalume anga a Namakhwa, amene ankatsogolera kwaya, sankatopa kundichemerera. Akakumana ndi mlendo, asanamufunse n'komwe za kumene wachokera, ankayamba ndi za ine, Delifa, mwana wa mlongo wawo. Ine ndinkagwetsa nkhope ngati wamanyazi, koma mumtima ndinkafufuma.

Zaka zimenezo, chakumayambiriro kwa m'ma 2000, mipingo inali itagwa m'chikondi ndi kiyibodi. Makoswe atamaliza kudya mivukuto ya limba lathu, akuluakulu anagwirizana zogula kiyibodi yonyamula m'manja, poti magetsi tinali nawo okoka kuchokera ku sukulu ya esiteti. Ku Limbuli kunali mkulu wina wobwera kumene kuchokera ku Joni amene ankagulitsa zakaunjika zamagetsi. Mpingo unatuma amalume, ndipo amalume anauza akuluakuluwo kuti atenga ine, chifukwa wodziwa kusankha khasu ndi amene amalima. Mpando wa woliza unali woti ukhalabe wanga ndikangoonetsa kuti chida chatsopanocho ndikuchitha. Panali mnyamata wina wa m'kwaya, Fatsani, amene ankausirira mpandowo poyerayera.

Tinapita tsiku la msika, ine pa kaliyala ya njinga ya amalume. Limbuli anali atadzaza: matumba a chimanga chochokera ku Mozambique, nanazi, usipa, mabelu a njinga mbali zonse. Sitolo ya mkulu uja inali kachipinda kamdima konunkha mapulasitiki, ndipo magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa. Makiyibodi analipo atatu, atagonekedwa pa kauntala. Awiri ankatha kulira ndi mabatire, koma mwini sitolo sanafune kutsegula paketi yatsopano chifukwa cha anthu amene mwina sagula. Yachitatu, yaitali ndi yolemera, inali ya magetsi okhaokha. Choncho ndinayenera kusankha chida choimbira osachimva kulira.

Ndinayamba ndi zida ziwiri zing'onozing'ono zija. Zinali ndi timabatani tambirimbiri ndi zithunzi za ng'oma, koma makiyi ake anali opepuka, ongogwa ukangowakhudza n'kudzuka ndi kaphokoso ka pulasitiki. Zala zanga, zozolowera nkhondo, zinamva ngati zaponda sitepe yomwe palibe. Ndinakwinya mphuno monga ankachitira a Mpulula n'kunena kuti zimenezi ndi zidole. Nditafika pa yaitali ija, kiyi yoyamba inandikankha chala pang'ono isanatsike, kenako inamira mofatsa n'kubwerera yokha. Ndinayendetsa manja onse awiri, kumangomva kugunda kwapansipansi ngati munthu akuyenda chopanda nsapato m'chipinda china. Ndinaikonda pomwepo.

"Mwanayu ali ndi dzanja, amigo," anatero mwini sitolo kuuza amalume. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma udziwe, iwe, iyi imamva zala."

"Ndikudziwa," ndinayankha msangamsanga.

Sindinkadziwa kanthu. Ndinayesa ndi mawu chabe a wamalonda, ngati wogulitsa nsapato akamati iyi imadziwa njira. Amalume anandiyang'ana monyadira, ndipo kufunsa pamenepo kukanakhala kuwavula pamaso pa munthu wa ku Joni. Safunsa anadya phula. Tinaikulunga m'bulangeti, kuimangirira pa njinga ndi malegeni, n'kuikankha wapansi njira yonse, ana akutitsatira kufunsa ngati munali maliro m'menemo.

Inakafikira kunyumba kwa mkulu wa mpingo, amene analamula kuti pasapezeke woikhudza abusa asanaipempherere. Ndiye ndinaimva kulira koyamba pamodzi ndi mpingo wonse, Lamulungu, tchalitchi chitadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Anailumikiza ku chisipika chobwereka. Ine ndinali mu diresi yanga ya Khirisimasi ndi nsapato zapulasitiki zimene amayi anazitsuka mpaka kuwala. Abusa atapemphera, amalume anaimika kwaya n'kundigwedezera mutu. Nyimbo yake inali yofatsa, yoyamba ndi amayi okhaokha chapansipansi.

Ndinaponya manja monga mwa masiku onse, ndi mphamvu yokhomera makiyi otupa. Chimene chinatuluka m'sipikamo chinali ngati malata agwa pa galimoto. Khanda lina linalira, agogo ena kutsogolo anagwira pamtima. Amalume anatsitsa chikhatho kundiuza kuti ndichepetse. Ndinamvera: ndinachepetsa mapazi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti miyendo yanga inali ikupalasa kuyambira pachiyambi, pa simenti yopanda kanthu. Phokoso silinasinthe. Anatsitsanso chikhatho, maso ali psuu. Ndinaimitsiratu mapazi, koma zala chifukwa cha mantha zinkangokhoma moposa. Mawu a amayi a kwaya sankamveka n'komwe, ndinkangoona milomo ikuyenda.

Titafika pa kolasi, amalume anakweza manja onse kuti kwaya ikweze mawu, mwina n'kundiphimba. Thupi langa linamva kuti akuuza ine. Miyendo inayamba yokha, mwaliwiro, nsapato zapulasitiki zija zikuomba simenti kuti phwa phwa phwa. Limba lakale linkandibisa miyendo, koma kiyibodi inali pa kathebulo kopanda nsalu, moti aliyense ankaona mawondo anga akukwera ndi kutsika. Anayamba ndi ana a Sande sukulu. Kenako ndinaona amayi ena akulu akudziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mwamuna wina kumbuyo analankhula, osati mokweza kwenikweni, koma tchalitchi chonse chinamva:

"Akabaza, tatsitsani pomwepo, tafika!"

Mpingo unaphulika. Ngakhale abusa anawerama ngati akufunafuna vesi. Ndinachita manyazi amene sindinawamvenso chiyambire, otentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Nyimbo sindinaimalize. Ndinatulukira khomo la m'mbali n'kukakhala pansi pakati pa mizere ya tiyi, mame akunyowetsa diresi, mpaka anthu onse atabalalika.

Madzulo ake a Mpulula anabwera kunyumba ndi ndodo yawo. Sanandikalipire, zomwe zinandiwawa koposa. Anati iwo anauona msanga vutolo, kuti chida chimenechi phokoso lake lili m'zala: ukachisisita chimanong'ona, ukachimenya chimakuwa. Anati ndipite mawa lake tikayesere limodzi, ndi zinthu zoti munthu n'kuzolowera. Amalume nawonso anandinyengerera. Ine ndinakana, ndipo ndinakananso sabata yotsatira, ndikunamizira mutu. Sindinkafuna kukhalanso pa kathebulo kaja, mawondo ali poyera.

Mpando unapita kwa Fatsani. Iye anailiza kangapo n'kudandaula kuti makiyi ndi olimba, ndiponso ilibe ng'oma zoimba zokha ngati za mipingo ina. Akuluakulu anagamula kuti ibwezedwe. Tsiku lina ndikusesa pabwalo ndinaona amalume akudutsa pamsewu, akukankha njinga, bulangeti lomwe lija litamangidwa pa kaliyala. Sanayang'ane kunyumba kwathu, ine ndinathawira kuseri kwa bafa. Anabwerako ndi chimodzi mwa zidole zija. Ndinamva akuuza amayi pakhonde kuti mwini sitolo anailandira ndi manja awiri, akuti panali kale wina wa ku Blantyre amene ankaifuna.

Ndinadzaphunziranso kuliza ndili ku koleji ya aphunzitsi, kutali ndi aliyense wondidziwa, ndipo m'pamene ndinamvetsa kuti tchalitchi chathu sichinakhalepo ndi chida chabwino ngati chija. Zala zanga zinasankha bwino. Chinabwerera ku Limbuli chifukwa ndinalephera kupirira kusekedwa kwa tsiku limodzi, ndipo amalume, amene anandinyadira pamaso pa akuluakulu, ndiwo anachikankha.

Masiku ano zonse zinasintha. Ana amasankha kiyibodi pa foni, ataimvera kale kulira kwake, ndipo mpingo uliwonse, ngakhale wa pansi pa mtengo wa mango, uli ndi yake yodziimbira ng'oma. Limba lopalasa ndi ochepa amene analionapo. Koma dzina silinasinthe. Ndikapita kwathu, amayi achikulire amandilonjerabe kuti a Kabaza, mwaulemu ndithu, atagwira m'manja. Chaka chatha pa maliro a amalume, mtsikana wina wa kwaya, amene akuliza kiyibodi tsopano, anandifunsa mwaulemu ngati n'zoona kuti ndili wamng'ono ndinkanyamula anthu pa njinga. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana bokosi la amalume, ndipo ndinati eya, ndinkanyamula.